Mwalipira pulani, nanga fayilo yake ili kuti?

Munthu akafuna kumanga nyumba yooneka bwino kuno ku Mangochi, kaya ndi pa Boma, ku Namwera kapena cha ku Makawa m'mphepete mwa nyanja, amapita kwa wojambula mapulani, n'kulipira, n'kulandira mapepala akuluakulu opindidwa bwino pamodzi ndi PDF ya pa WhatsApp. Mapepalawo amapita ku khonsolo kukadindidwa, amisiri amayamba kukumba maziko, ndipo aliyense amati malonda atha. Ine ndikukana, sanathe. Chinthu chenicheni chimene mwalipirira, fayilo imene pulaniyo inajambulidwamo, imene munthu angaitsegule n'kusuntha khoma kapena kukweza maziko, chatsala mu laputopu ya wojambulayo. Ndipo akakhala wamtima wabwino n'kukupatsani, kawirikawiri amakupatsani mu mtundu umene umatseguka mu pulogalamu yake yokhayo.

Maganizo anga ndi akuti wolipira pulani azilandiranso fayilo yotheka kusintha, yosungidwa mu mtundu umene mapulogalamu a makampani ena angawerenge, ndipo zimenezi zizilembedwa pa mgwirizano ntchito isanayambe. Oyamba kuchita zimenezi akhale makhonsolo ndi onse omanga ndi ndalama za misonkho yathu.

Kwina nkhaniyi ingamveke ngati ya akatswiri a m'maofesi a ku Blantyre, koma taonani mmene timamangira kuno. Nyumba zambiri za m'boma lino zimamangidwa ndi ndalama za ku Joni, ndipo ndalamazo sizibwera tsiku limodzi. Chaka chino maziko, chaka chamawa mpaka pa lintala, kenako zii kwa zaka zitatu, malata n'kudzabwera mwana woyamba ali ku sekondale. Pa nthawi yonseyo maganizo amasintha. Mayi akuti khitchini yachepa. Bambo akufuna shopu kutsogolo chifukwa msewu wayamba kudzaza anthu. Mukabwerera kwa wojambula uja, mupeza kuti nayenso anakwera basi ya ku Johannesburg, kapena laputopu inapsa magetsi atabwera mwamphamvu, kapena nambala yake siikupezekanso. Wojambula watsopano akuuzani kuti, "Bwana, apa tiyambirenso." Atenga tepi, ayeza chipinda ndi chipinda, ajambula zomwe zinajambulidwa kale, ndipo inu mulipira kachiwiri pulani ya nyumba imodzi yomweyo.

Nyanja nayo inatikumbutsa zimenezi. Mu 2024 madzi anakwera kufika pomwe anali asanafike kwa zaka zambiri, n'kulowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za m'mbali mwa nyanja. Amene anafuna kukonza anafunika kukweza pansi pa zipinda, kusamutsa maenje a zimbudzi, kumanganso makoma otchinga mafunde. Ntchito ngati imeneyi injiniya amaiyamba ndi funso limodzi: pulani ya zomwe zilipo kale ili kuti? Akaipeza yotheka kusintha, amangowonjezerapo zake. Akaipeza ya PDF yokha, kapena chithunzi cha pepala chojambulidwa ndi foni, sabata zoyamba zimathera kukopera.

PDF si chinthu choipa. Kampani ya Adobe inaitulutsa mu 1993 ndi cholinga choti chikalata chizioneka chimodzimodzi pa kompyuta iliyonse, ndipo ntchito imeneyo imaigwira bwino kwambiri. Ili ngati chambo chowamba: chimasungika, chimafika kutali osaonongeka, koma sichidzasambiranso. Mu pulogalamu yojambulira, muyeso wolembedwa pambali pa khoma ndi womangirira ku khomalo, mukalikoka nambala imasintha yokha. Mapaipi ali pagulu lawo, mawaya a magetsi pagulu lawo, mungabise ena n'kutsala ndi ena. Mu PDF kawirikawiri zonsezi zimasanduka mizere ndi zilembo wamba. N'zoona kuti mu AutoCAD, pulogalamu yotchuka yojambulira mapulani, kuyambira pa AutoCAD 2017 munthu angathe kulowetsa PDF n'kupezanso mizere, koma amene anayesapo akudziwa zomwe zimatuluka: mizere yoduladula imodzi yasanduka timizere tambirimbiri, zilembo zina zasweka, miyeso yaphonya pang'ono paliponse. Kukonza zimenezo nthawi zina n'kochedwa kuposa kujambula mwatsopano.

Tsono tinene kuti wojambula wavomera, wakuikirani fayilo pa fulashi. Vuto lachiwiri liyambira pamenepo.

AutoCAD inatuluka mu 1982, ndipo fayilo yake ya DWG ndi ya kampani ya Autodesk. Kapangidwe kake ka mkati kampaniyo imakasintha ikafuna, ndipo inasinthadi mu 2000, 2004, 2007, 2010, 2013 ndi 2018. Choncho pulani yosungidwa mu mtundu wa 2018 siitseguka kwa mnyamata wa pa Boma amene akugwiritsabe ntchito AutoCAD 2014. Makampani ena anatopa nazo kalekale, ndipo mu 1998 anapanga bungwe lotchedwa OpenDWG Alliance, lomwe lero ndi Open Design Alliance, kuti afufuze okha mmene DWG imalembedwera n'cholinga choti mapulogalamu awo aziiwerenga. Autodesk yomweyo inatulutsanso DXF mu 1982, mtundu umene malamulo ake ndi osindikizidwa poyera, ndipo ndi umene pafupifupi pulogalamu iliyonse yojambulira imaudziwa. Mungautsegule ngakhale ndi Notepad n'kuona manambala a mizere yanu.

Ojambula nyumba ambiri masiku ano sakhalanso pa AutoCAD yokha. Ena ali pa ArchiCAD ya kampani ya Graphisoft ya ku Hungary, ena pa SketchUp yomwe Google inaigulitsa kwa Trimble mu 2012, ena pa Revit. Pulogalamu iliyonse ili ndi fayilo yakeyake. Revit ndiye yovuta kuposa onse pa nkhani imodzi: fayilo ikasungidwa mu Revit yatsopano, palibe njira yoibwezera ku yakale. Wojambula wa ku Lilongwe akakweza pulogalamu yake, injiniya amene akugwira naye ntchito ku Mangochi akakamizika kukwezanso, afune asafune.

Kukwezako ndi ndalama, ndipo si makwacha. Mu 2016 Autodesk inasiya kugulitsa layisensi yogula kamodzi, tsopano ndi kulipira chaka ndi chaka, m'madola. Kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo aliyense amene anayesapo kulipira chinthu cha kunja kudzera ku banki akudziwa mzere wa ndalama zakunja mmene ulili. Zotsatira zake tonse tikuziona koma sitizinena mokweza: ambiri ali pa mapulogalamu akale, ena pa obera, owerengeka pa aulere. Sindikuikira kumbuyo kuba mapulogalamu. Ndikungonena kuti m'dziko limene aliyense ali ndi chida chosiyana ndi cha mnzake, kusungira pulani mu mtundu wa kampani imodzi, wa chaka chimodzi, n'kudzitchera msampha wekha.

Njira zotulukira zilipo, ndipo si zatsopano. Pa zojambula zapansi, za mizere, DXF ndi yokwanira, kapena DWG yosungidwa mu mtundu wakale monga wa 2010, umene mapulogalamu ambiri amauwerenga mosavuta. Pa zitsulo ndi ziwalo za makina pali STEP, muyezo wa dziko lonse wa ISO 10303 umene unayamba kutuluka mu 1994, kulowa m'malo mwa IGES ya mu 1980. Pa nyumba yathunthu yokhala ndi makoma, zitseko ndi mizati pali IFC, yoyang'aniridwa ndi bungwe la buildingSMART, yomwe inakhala ISO 16739 mu 2013. Mu IFC khoma limafika lili khoma, ndi kunenepa kwake ndi zomangira zake, osati mizere iwiri yoyandikana.

Amene amalalikira mitundu yotsegukayi amakonda kuyankhula ngati mukangodina batani zonse zayenda. Ayi ndithu. Kusamutsa fayilo kuchoka pulogalamu ina kupita ina kumataya zinthu panjira, ndipo wolipira ayenera kudziwa zimene zimatayika kuti asanamizidwe mbali iliyonse.

Choyamba kusokonekera ndi muyeso. Nambala 900 mu fayilo siinena yokha ngati ndi mamilimita kapena mainchi. Pulani yojambulidwa m'mamilimita ikawerengedwa ngati mainchi, chilichonse chimakula ka 25.4. Ya saveya, yomwe kawirikawiri imakhala m'mamita, ikalowetsedwa mu ya womanga yomwe ili m'mamilimita, puloti yonse imaoneka ngati kadontho pakona. Zilembo nazo zimasochera: AutoCAD ili ndi zilembo zakezake za SHX, ndipo kompyuta yopanda zilembozo imaikapo zina, mawu n'kukwerana, chizindikiro cha kukula kwa paipi n'kusanduka funso. Palinso chizolowezi cha ojambula cholumikiza mafayilo angapo, mapu a malo kwina, pulani ya nyumba kwina. Akakupatsani imodzi yokha, mutsegula n'kupeza nyumba ili m'malere. AutoCAD ili ndi lamulo lotchedwa eTransmit lomwe limasonkhanitsa zonsezo m'phukusi limodzi, ntchito ya mphindi ziwiri, koma amaligwiritsa ntchito ndi ochepa.

STEP nayo ili ndi malire ake. Tiyerekeze kuti mmisiri wa ku Monkey Bay akufuna kachitsulo kogwirira injini ya boti, ndipo munthu wina wamujambulira pa kompyuta. Mu pulogalamu ya wojambulayo muli mbiri yonse ya kachitsuloko: ndinayamba ndi mbale yonenepa mwakuti, ndinaboola apa, ndinapinda apa. Akasintha kunenepa, mabowo amatsatira okha. Mu STEP mumafika thupi la kachitsuloko ndi miyeso yolondola, koma mbiri ija imatsala. Mungaliyeze, mungalidule, mungaboole pena, koma simungabwerere m'mbuyo. Ngakhale zili choncho, STEP ndi yabwino kutalitali kuposa STL, imene imasandutsa chinthu kukhala timakona titatu tambirimbiri. STL ndi ya makina osindikiza zinthu, si yosinthira. Wina akakupatsani STL n'kunena kuti wakupatsani fayilo, wakupatsani PDF ya mtundu wina.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi cha malo, chifukwa m'mphepete mwa nyanja muno malo ndi milandu. Mapu athu akale anayezedwa pa maziko a miyeso ya malo otchedwa Arc 1950, pomwe GPS ndi mafoni amagwiritsa ntchito WGS 84. Manambala a onse awiri amaoneka ofanana, onse ali m'chigawo chimodzi cha mapu chotchedwa UTM zone 36, koma pansi amasiyana ndi mamita mazana awiri kapena atatu. DXF wamba siinena kuti manambala ake ali pa maziko ati. Saveya mmodzi akapereka mabikoni pa Arc 1950, wina n'kuwatsegula poganiza kuti ndi WGS 84, puloti yanu ipezeka m'munda mwa mnzanu kapena m'madzi. Apa palibe pulogalamu imene ingakupulumutseni. Chofunika ndi mzere umodzi wolembedwa pa pulaniyo, wonena maziko amene agwiritsidwa ntchito.

N'chifukwa chake sindikunena kuti fayilo yotseguka ilowe m'malo mwa ina yonse. Wolipira alandire zitatu: PDF yosainidwa yosonyeza mmene pulani inavomerezedwera, fayilo yeniyeni ya pulogalamu imene wojambula anagwiritsa ntchito, ndi ya mtundu wotseguka. Yachiwiriyo ndi yolemera kwambiri koma ingafe ndi pulogalamu yake. Yachitatuyo ndi yoperewera pang'ono koma idzatsegukabe.

Ojambula mapulani ali ndi yankho lawo, ndipo si lopusa. Mmodzi angakuuzeni kuti, "Achimwene, ndikakupatsani fayilo lero, mawa nyumba yomweyi ndikaipeza ku Liwonde, mkuja ku Balaka, dzina langa atafufuta. Ine ndidya chiyani?" Mantha amenewa ali ndi maziko. Mapulani amabedwa m'dziko muno, ndipo munthu amene anakhala zaka ku MUBAS kapena ku sukulu ya ntchito zamanja akuphunzira luso limeneli sangasangalale kuona thukuta lake likugulitsidwa pamtengo wa bandulo. Koma funsani kuti akubawo amaba bwanji. Safuna DWG. Amangofuna makina a fotokope, kapena PDF yomwe ija yotumizidwa pa WhatsApp. Nyumba zofananafanana zimene zadzaza m'matauni athu sizinafalikire ndi mafayilo otheka kusintha. Choncho kumana fayilo sikumuletsa wakuba, kumangolanga kasitomala wachilungamo amene akufuna kuwonjezera chipinda pa nyumba yake. Chitetezo cha wojambula chili mu lamulo la umwini wa ntchito zaluso la 2016 ndi pa mgwirizano wolembedwa bwino, wonena kuti fayiloyi ndi ya nyumba iyi, pa puloti iyi, osati yomangira ina kwina.

Dandaulo lachiwiri ndi lolemera kuposa loyamba. Wina akatenga fayilo, n'kuchotsa mzati kuti holo ikule, denga n'kudzagwa, pa pulani pali dzina la yani? Apa ndikugwirizana nawo kwathunthu kuti sayenera kusenza mlandu wa zomwe sanajambule. Koma yankho lake ndi losavuta. Pulani imene wojambula amayankhira ndi yosainidwa ndi yodindidwa ija basi. Pa fayilo yotheka kusintha achotsepo dzina, saini ndi nambala yake ya kaundula asanaipereke, ndipo wosintha aliyense aike dzina lake. Ngati akuona kuti kukonza fayilo kuti iperekedwe ndi ntchito yowonjezera, ndipo ndi ntchitodi, aiike pa mtengo poyera. Kulipira kangachepe lero n'kwabwino kuposa kulipira pulani yonse kachiwiri. Chimene sindingavomereze ndi kusunga fayilo mwakachetechete kuti kasitomala asadzapite kwa wina. Amene ntchito yake ndi yabwino anthu amabwerera okha.

Ena amati, nanga mayi wogulitsa usipa pa msika amene wamanga nyumba ya lendi, DXF akaitani? Alibe ngakhale kompyuta. Zoona, ndipo chikalata cha malo nachonso sachiwerenga tsiku ndi tsiku, koma amachisunga m'sutikesi. Fayiloyo si ya iye kuti aitsegule, ndi ya mmisiri amene adzabwere pambuyo pake, mwina ana ake ndi amene adzamuitane. Ndipo kuitsegula sikufunanso madola. LibreCAD ndi yaulere ndipo imagwira DXF. FreeCAD, yomwe inafika pa 1.0 mu November 2024, imawerenga STEP ndi IFC. ODA File Converter imasandutsa DWG kukhala DXF kwaulere, ndipo DWG TrueView ya Autodesk yomweyo imatsitsa fayilo yatsopano kupita ku mtundu wakale. Mnyamata amene wangomaliza maphunziro, wopanda ndalama ya layisensi, angayambe ntchito mwachilungamo ngati mafayilo amene akuyenda pakati pa anthu ali otseguka. Akakhala otsekeka, timamukankhira tokha ku mapulogalamu obera.

Pa nyumba za boma ndi pomwe nkhaniyi ikuposa kukhala ya munthu ndi wojambula wake. Buloko ya sukulu ku Makanjira, chipatala chaching'ono cha kumudzi, shedi ya msika, thanki ya madzi, zonsezi zimamangidwa ndi kontalakita amene akamaliza amapakira n'kumapita, ndipo zidzakonzedwa ndi wina amene lero ali ku pulayimale. Sitima ya Ilala inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa, n'kuyamba kuyenda panyanja mu 1951, zaka zoposa makumi atatu AutoCAD isanabadwe. Pulani ya papepala ya nthawi imeneyo, ikakhala kuti inasungidwa pouma, mmisiri aliyense angaiyale patebulo lero n'kuiwerenga. Ndani angalonjeze kuti fayilo ya Revit ya chaka chino idzatseguka mu 2095? Zomanga zimakhalitsa kuposa makampani a mapulogalamu, ndipo boma limene likulipira liyenera kuganizira zaka za nyumbayo, osati za layisensi.

Ku Finland, bungwe loyang'anira nyumba za boma la Senate Properties linayamba kufuna IFC pa ntchito zake mu 2007. Sindikunena kuti titengere zonse. Kufuna IFC pa chimbudzi cha sukulu cha mabowo anayi kungakhale kuseketsa anthu, ndipo kungathamangitse ojambula ang'onoang'ono amene ndi omwe akugwira ntchito zambiri kuno. Pa zomanga zazing'ono DXF yoyera bwino yakwana. Chofunika ndi chiganizo chimodzi m'chikalata cha tenda: malipiro omaliza adzatuluka pokhapokha kontalakita atapereka mapulani a zomwe zamangidwadi, mu PDF ndi mu mtundu wotseguka. Mawu oti zomwe zamangidwadi ndi ofunika, chifukwa tonse tikudziwa kuti paipi imene pulani inati idutse kumanzere imakathera kumanja amisiri akakumana ndi thanthwe. Khonsolo nayo isunge mafayilowo malo awiri osiyana, osati mu laputopu ya ofisala mmodzi amene mawa angasamutsidwire ku Chitipa.

Masukulu ophunzitsa kujambula ali ndi mbali yawo. Wophunzira amatuluka akudziwa kujambula denga lokongola la mapiko anayi, koma sanayesedwepo kupereka ntchito yake kwa mnzake wa pulogalamu ina n'kuona ngati yafika yamoyo. Mayeso amenewo ndi osavuta kukonza, ndipo angaphunzitse za magulu a mizere, miyeso ndi zilembo kuposa maphunziro a mwezi wathunthu.

Kwa inu amene mukumanga panopa, musadikire lamulo. Musanapereke ndalama yomaliza, pemphani kuti fayilo itsegulidwe inu mukuona, pa kompyuta ina, mu pulogalamu ina. Sankhani chitseko chimodzi chimene pa pepala palembedwa 900, ndipo wotsegulayo achiyeze pa sikirini. Chikatuluka 900, onani ngati zilembo zikuwerengeka ndiponso ngati malire a puloti akuoneka pamodzi ndi nyumba. Chikatuluka 0.9 kapena 22860, muyeso wasokonekera panjira, ndipo wojambula akonze ndalamayo idakali m'thumba mwanu. Mukatero ikani fayiloyo pa fulashi, muitumizenso ku imelo yanu ndi ya mwana wanu wamkulu, chifukwa mafulashi a pamsika sachedwa kufa ndi kutentha kwa kuno.